Zingwe za Kronos ndi kwaya yathu

Inetu ndimakonda gulu la Kronos Quartet, ngakhale ophunzira anga amati nyimbo zake ndi zogonetsa tulo. Ndi anthu anayi basi: awiri pa vayolini, wina pa viola, wina pa cello. David Harrington analiyambitsa ku Seattle mu 1973, kenako linakakhazikika ku San Francisco.

Chimene chimandikoka mtima ndi chakuti anthuwa sadalira nyimbo za akufa. Amapita kwa wopeka amene ali moyo nkumulipira kuti awapekere yatsopano, ndipo nyimbo zowalembera zinapitirira 1,000. Mu 1992 anatulutsa chimbale cha Pieces of Africa. Mmenemo muli Mai Nozipo ya Dumisani Maraire, katswiri wa mbira wa ku Zimbabwe. Kaipezeni anzanga, mudzamve zingwe zikuvina.

Mu 2015 anayamba ntchito ya Fifty for the Future: nyimbo 50 zatsopano, manotsi ake nkuikidwa pa intaneti kwaulere kuti achinyamata aziphunzirirapo. Mwa opekawo muli Angélique Kidjo wa ku Benin, ndi Fodé Lassana Diabaté woimba balafon, chida chonga ulimba wathu.

Apa ndiye mutu umandiimira. Pasukulu pathu vayolini palibe ngakhale imodzi, tili ndi ng'oma ziwiri ndi kwaya. Manotsi aulerewo ndisindikize, aimba ndani? Koma zida zinayi ndi mawu anayi, kwaya nayonso ili ndi magawo anayi. Teremu ikubwerayi tiyesa kachigawo ka nyimbo ya Diabaté ndi pakamwa, a bezi atenge mzere wa cello.