Ka Land Rover ka adadi kanafika kopindika tayala

Adadi anga akamakamba za ubwana wawo ku Zomba, nkhani imodzi siisowa. Iwo ndi anzawo ankapanga magalimoto a waya, matayala ake a zitsekerero za mabotolo. Koma mnyamata wina m'kalasi mwawo anali ndi kagalimoto kachitsulo kochokera ku Mangalande, ka Land Rover kobiriwira kosenza katundu padenga. Ankalola anzake kukagwira kamodzi patsiku basi. Adadi amaseka akamafotokoza, koma ine ndimaona kuti mtima wawo unatsalira pa kagalimoto kaja.

Atatsala miyezi iwiri kuti akwanitse zaka 60, ndinayamba kukasaka. Ndinapeza kuti kanali ka Matchbox, tizidole tomwe kampani ya Lesney ya ku London inayamba kupanga mu 1953, tolongedwa m'timabokosi tangati ta machesi. Kampaniyo inagwa mu 1982, ndiye timagalimoto tolembedwa kunsi kuti tinapangidwa ndi Lesney masiku ano ndi ta anthu otolera zinthu zakale. Kwa iwowa, utoto wosakalika ndi kabokosi kosaphwanyika n'zimene zimakweza mtengo.

Ndinakapeza pa gulu lina la pa Facebook, kwa bambo wina wa ku Johannesburg. Pa zithunzi kanali kabwinobwino, kabokosi kake kali pambali. Tinagwirizana ma rand 600, msuweni wanga amene amagwira ntchito konko anandilipirira, ndipo katunduyo anakwezedwa basi. Kwa munthu wolandira kandalama kolemba nkhani ngati ine, imeneyo inali ndiwo ya masabata angapo.

Nditalandira phukusilo ku Wenela, mtima unagunda. Inali envulopu wamba, yofewa, yopindika pakona. Mnzanga wina anandiuzapo kale kuti katundu wogula pa intaneti uzitsegula kamera ili pa vidiyo, ndiye nditafika kunyumba ndinaimika foni pa kapu n'kuyamba kujambula ndisanang'ambe chilichonse. M'katimo munali pepala limodzi la nyuzipepala. Kabokosi kanali kataphwathalala ngati chigumu chokhalidwa, galasi lakutsogolo litang'aluka, tayala limodzi litapindikira m'kati.

Kunena zoona, chala changa chinali kale pa Facebook kuti ndimuyalutse pagulu. Ndinaziletsa, chifukwa munthu ukamuchititsa manyazi amangokutsekera, ndalama zako n'kupita nazo. M'malomwake ndinasonkhanitsa umboni: vidiyo ija, zithunzi za envulopu mbali zonse, zithunzi zimene iye anaika potsatsa, mauthenga athu onse, ndi umboni wa malipiro. Envulopu ndi nyuzipepala sindinataye. Guluu sindinamukhudze n'komwe, chifukwa ukangokonza wekha, wogulitsa amati waononga ndiwe.

Ndinamulembera tsiku lomwelo, mwaulemu koma mosazungulira. Anayankha kuti vuto ndi la anthu a basi. Ndinamuuza kuti aliyense amadziwa mmene katundu amapanikizirana pansi pa basi ulendo wa masiku awiri wodutsa Zimbabwe ndi Mozambique, ndiye amene anaika chinthu cha zaka zoposa 50 mu envulopu yopanda katoni ndi amene analakwitsa. Ndinamupatsa njira ziwiri: andibwezere zonse ine ndibweze katunduyo iye atalipira mayendedwe, kapena andibwezere theka ndisunge.

Anakhala chete masiku anayi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinalibe pogwira penipeni. Akanakhala wogulitsa wa kuno kwathu, ndikanatha kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe lomwe limamva madandaulo a ogula. Koma munthu wamba wa dziko lina, wolipidwa pamanja, ukamusumira kuti? Chomwe ndinachita n'kutumiza umboni uja kwa oyang'anira gululo, mwamseri. Anthu otolera zinthu zakale amadalira mbiri yabwino, ndipo palibe wogulitsa amafuna kuchotsedwa pa gulu lomwe amapezapo makasitomala. Mawa lake msuweni wanga analandira ma rand 300.

Ndaphunzirapo kanthu. Tsopano ndisanalipire ndimapempha chithunzi cha mmene katundu walongedwera, ndipo timagwirizana polemba kuti akaonongeka panjira udindo ndi wa ndani. Ndimafunsanso ena pa gulu ngati anagulapo kwa munthuyo. Mafunso amenewa sadya ndalama, amangofuna kuti uchotse manyazi.

Chinatsala n'choti ndiwapatse adadi kapena ayi. Ndinkaona ngati ndikuwapatsa mphatso yolumala. Mayi ndi amene anandilimbitsa mtima. "Iwe, bambo akowa ukuwadziwa bwino? Kawapatse."

Tsiku lakubadwa kwawo, titatha kudya, ndinawapatsa ndikupepesa. "Adadi, pepani, kanaonongeka panjira."

Sanandiyankhe. Anakatembenuza, n'kuwerenga zolembedwa kunsi atakweza magalasi, kenako anakhudza timasutukesi ta padenga ndi chala. Anatuma mng'ono wanga kuti akatenge pulayala m'dirowa. Ndinafuna kuwaletsa, kuwauza kuti otolera zinthu zakale salola zimenezo, koma ndinangotseka pakamwa. Anawongola kawaya ka tayala pang'onopang'ono, ngati mmene ankachitira ndi magalimoto awo a waya, n'kukakankha patebulo. Kanayenda mpaka kukagunda mbale ya ndiwo.

"Mwanangu," anatero, "Land Rover yopanda chipsera unaionapo kuti?"

Lero kali mu kabati ya pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo, kabokosi kophwanyika kaja kali pambali pake. Adzukulu akabwera amaloledwa kukagwira, kamodzi patsiku basi.