Ulendo wa ku Manjawira: ndalama za sukulu ziyambire kwa osowa

Minibasi yochokera pa Wenela itawoloka Shire pa Zalewa n'kudutsa Phalula, ndidatsikira pa Manjawira, mumsewu wa M1 m'boma la Ntcheu. Adandilandira bambo wina, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo tidalowa kumidzi wapansi.

Pasukulu ina yapulayimale tidapeza ana a Sitandade 2 atakhala pafumbi pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa kuthunthu. Chapafupi padali mulu wa njerwa zomwe makolo adaumba n'kuwotcha okha, zikudikira simenti ndi malata.

"Kusalingana kwa sukulu kudayamba kale, mwana wanga," adatero bambowo. Adandikumbutsa kuti atsamunda adagawa sukulu potengera khungu. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, sukulu za azungu, amwenye ndi makaladi zinkayendetsedwa ndi boma lalikulu la ku Salisbury. Ana a anthu akuda adasiyidwa m'manja mwa boma la ku Zomba ndi mamishoni monga Nzama, yomwe ansembe a Montfort adatsegula muno mu Ntcheu mu 1901. Sekondale yoyamba ya anthu akuda, Blantyre Secondary School, idabwera mu 1940.

Tsankho la khungu lidatha, koma mpata udatsala pakati pa tauni ndi mudzi. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi adakhamukira kusukulu, makalasi ndi aphunzitsi osakwanira. Lero mwana wakumudzi akakhoza mayeso a Sitandade 8, kawirikawiri amasankhidwira ku CDSS, komwe labotale ndi laibulale n'zosowa, pomwe mnzake wa kusukulu yogonera ali nazo. Mayeso a MSCE amalemba amodzi.

Pobwerera kumsewu tidakamba za South Africa. Tsankho litatha mu 1994, boma la kumeneko lidaika sukulu zake m'magulu asanu potengera umphawi wa dera. Magulu atatu osaukitsitsa salipira fizi, ndipo amalandira ndalama zambiri pa mwana aliyense.

Ifenso tili ndi thumba la SIG lomwe limapita kusukulu zapulayimale, koma n'lochepa moti silingamange kalasi. Mutu umodzi susenza denga. Makolo achita mbali yawo, ndipo ndikupempha aphungu athu kuti pokambirana bajeti aike patsogolo sukulu zopanda makalasi, madesiki ndi nyumba za aphunzitsi, zinazo zilandire pambuyo.