Timawu Tisanu M'chikwama cha Mwana wa ku Chinyunyu

Basi yochokera ku Chipata ikaima pa Chinyunyu siichedwa. Wokwera amalumphira msanga, ndipo malangizo amene makolo anasungira mphindi yomaliza amatsalira m'kamwa. Mphunzitsi wina wopuma ntchito wa m'dera limeneli, m'boma la Rufunsa, ankazidziwa zimenezi. N'chifukwa chake usiku woti mawa lake mwana wake wamkazi anyamuka kupita ku Lusaka kukaphunzira unamwino, anamulowetsera kalata m'chikwama, pakati pa chitenje ndi thumba la mtedza.

Kalatayo ndi ya masamba anayi, yolembedwa m'Chinyanja. Tsamba loyamba lili ndi zimene kholo lililonse limanena: ndalama, anyamata a m'tauni, kupemphera. Masamba atatu otsalawo akukamba za timawu tisanu ta Chingerezi: must, should, may, can ndi shall.

"Mwana wanga," akutero bamboyo, "kumene ukupitako sudzamva lamulo likufuula monga amafuulira amayi ako mbuzi zikalowa m'dimba. Lidzabwera lili phee papepala, ndipo mphamvu yake yonse idzakhala m'kamawu kamodzi kamene maso amakonda kulumpha."

Bamboyu sanayamwire Chingerezi. Kwawo ankayankhula Chisoli, pamsika Chinyanja, koma anayamba sukulu lamulo la zamaphunziro la 1966 litakhazikitsa kale Chingerezi kuti chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira giredi 1. Pambuyo pake anachiphunzitsa yekha zaka zambirimbiri, ndipo akuti ana ake a sukulu sankagwa pa mawu ataliatali. Amenewo ankawaloweza. Ankapunthwa pa timawu tating'ono timene timaima patsogolo pa mneni.

Akuyamba ndi must ndi should. Akuti must ndi mawu a mfumu pabwalo mlandu utatha: palibenso zokambirana. Should ndi mawu a malume pamphasa madzulo: akukuuza chokuthandiza, koma ukakana sakumanga. Chitsanzo chake wachitenga ku ntchito imene mwanayo akukaphunzira. Mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wodwala akawalekeza panjira chifukwa choti wayamba kupezako bwino, matendawo angabwerere atalimba. "Ukadzalemba za munthu wotereyu, ulembe must. Ukalemba should, wamutsegulira khomo lakumbuyo."

Apa mphunzitsiyu anafewetsa nkhani pang'ono. M'mabuku a malangizo a m'chipatala, should amalemera kuposa uphungu wa malume. Namwino amene wanyalanyaza should wa m'buku lotere amafunsidwa chifukwa chake, ndipo ayenera kukhala nacho chomveka. Mtsikanayo adzazionera yekha m'wodi.

Pamene kalatayo yaluma kwenikweni ndi pa kukana. Munthu angaganize kuti popeza must ndi have to amatanthauza pafupifupi chimodzimodzi, ndiye kuti ukawakana adzafananabe. Ayi ndithu. "You must not go" ndi chiletso: usapite. "You don't have to go" ndi ufulu: kupita kapena kukhala zili kwa iwe. Bamboyo akukumbutsa mwana wake za mnyamata wina wa giredi 9 amene anauzidwa kuti sikofunika kubwera Loweruka, iye n'kumva ngati waletsedwa, mpaka anaphonya maphunziro obwereza mayeso ali pafupi. "Ameneyo anangotaya tsiku limodzi. Iwe udzakhala utagwira jekeseni."

Kenako may, amene bamboyo akumutcha birimankhwe. Mkulu wa anamwino akati "You may go," wakulola. Pepala la mankhwala likati mankhwalawo "may" kubweretsa tulo, silikuloleza kanthu, likungochenjeza kuti mwina zichitika, mwina ayi. Chosangalatsa n'chakuti sanamuuze mwanayo kuti ichi n'chachilendo. Anamuonetsa kuti Chinyanja chili ndi birimankhwe wakewake, kaphatikizo kaja ka -nga-. "Ungapite tsopano" ndi chilolezo. "Mvula ingagwe" ndi chikayiko. "Ndinganyamule thumba ili" ndi mphamvu. Kamodzi komweko kakugwira ntchito ya may ndi can, ndipo palibe mwana wa m'derali amene amasokonezeka nako.

Must nayenso ali ndi nkhope yachiwiri. "She must be tired" sakulamula munthu kuti atope. Ndi mmene ife timanenera kuti "ayenera kuti watopa", kutanthauza kuti taona zizindikiro ndipo tikuganiza choncho. Mneni wathu wa kuyenera amasenzanso akatundu onse awiri, udindo ndi kuganizira. Pa mfundo iyi kalatayo ikuchenjeza mwamphamvu: "Wina akadzati mwana wotentha thupi 'must have malaria', ameneyo akungoganiza molimba mtima. Magazi sanayezedwe. Usadzalembe maganizo a munthu ngati zotsatira za kuyeza."

Mbiri ya timawuti imamuvomereza mphunzitsiyu. M'Chingerezi chakale kwambiri, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, kholo la shall linkatanthauza kukhala ndi ngongole. Kholo la can linkatanthauza kudziwa, monga timanenera kuti mwana uyu amadziwa kusambira. May ankanena za mphamvu, ndipo must anachokera ku mneni amene ankatanthauzanso kuloledwa. Mawu a chilolezo anasanduka mawu a chikakamizo, ngati mlendo amene anapatsidwa pogona n'kumaliza akulamula pakhomo.

Shall uja wa ngongole masiku ano samveka kwenikweni pamsewu, koma m'malamulo ndi m'mapangano adakali ndi mano. Kalatayo ikukumbutsa nkhani imene Mzambiya aliyense wamkulu akuikumbuka. Pambuyo pa chisankho cha pulezidenti cha mu Ogasiti 2016, a Hakainde Hichilema anakadandaula ku Khoti la Malamulo Oyendetsera Dziko kutsutsa kupambana kwa a Edgar Lungu. Malamulowo, amene anali atangosinthidwa chaka chomwecho, ankagwiritsa ntchito shall ponena kuti dandaulo lotere limvedwe m'masiku 14. Masikuwo atatha, oweruza atatu mwa asanu anagamula kuti nthawi yadutsa, ndipo mlanduwo unathera pomwepo usanamvedwe mokwanira. Bamboyo sakunena mbali imene inali yolondola. Akungoti: "Ngati kamawu aka kanagwedeza dziko lonse, sikangalephere kugwedeza iwe. Pepala lililonse losaina, la nyumba ya lendi kaya la ngongole ya sukulu, uyambe wafufuza pamene pali shall ndi pamene pali may. Kawirikawiri shall amamuika pa dzina lako, may n'kumusungira mwini pepala."

Za galamala wangodutsamo, ngati munthu amene anazinena kokwanira pa bolodi. Timawuti sitilandira s kumapeto, sititsatidwa ndi to, ndipo must alibe dzulo: zadzulo ndi had to. "Can be able to", amene amamveka ngakhale pa wailesi, akuti ndi kuvala malamba awiri pa buluku limodzi.

Gawo lotalika kwambiri ndi la ulemu, ndipo n'zosadabwitsa kwa munthu wokulira pansi pa mafumu a Chisoli. Chinyanja chimasiyanitsa iwe ndi inu. Chingerezi chili ndi you mmodzi yekha, wa mfumu ndi wa mwana yemwe. Ndiye ulemu unathawira kuti? Bamboyo akuti unakabisala mu could ndi would. Mtsikana amene kwawo amagwada popereka madzi akhoza kuoneka wamwano ku Lusaka pongonena kuti "Give me", pamene mumtima mwake anali kunena kuti "ndipatseniko". Ka -ko kaja ndi ka -ni kaja tikasowa pomasulira, pamatsala lamulo louma. "Could you" ndiye kugwada kwa Chizungu.

Koma nsalu imeneyi ili ndi kuseri kwake. Wamkulu pantchito akati "Could you check on bed four?", sakufunsa ngati mtsikanayo angathe kapena ngati ali ndi mpata. Walamula, wangoliveka lamulolo jekete. "Usadzayankhe kuti 'Yes, I could' n'kukhalabe pampando," akutero bamboyo, ndipo apa zilembo zake zikuoneka kuti ankaseka polemba.

Chakumapeto mphunzitsiyu anafuna kutsekera ndi chiganizo chimodzi cha Chingerezi chonena za tchuthi cha Khirisimasi. Analemba "You must come home", n'kufufuta must. Pamwamba pake analemba should, n'kufufutanso. Anasiya may, mwina pokumbukira kuti anamwino ophunzira sasankha okha masiku opuma, ndiponso kuti mtengo wa basi umakwera mu Disembala.

Mkazi wake, amene sukulu analekezera giredi 4, anafunsa chimene chikufufutidwafufutidwacho. Atamufotokozera, anatenga cholembera n'kuwonjezera mzere wake pansi penipeni pa tsambalo, m'zilembo zikuluzikulu zopendekeka: "Pa Khirisimasi ubwere. Ubweretseko shuga ndi mafuta ophikira."