Chala cha agogo m'kamwa mwa nkhosa

Nkhosa ikaswa usiku, agogo aamuna ankandidzutsa kusanache. Tinkakhala kufupi ndi Ntaja, masiku amene Balaka inali isanakhale boma palokha, chifukwa inapatulidwa ku Machinga mu 1998. M'khola mwathu munali nkhosa za michira yonona zija, zimene ogula ankazilondola Idi ikayandikira.

Agogo sankayamba n'kuona miyendo ya kamwanako. Ankakapisa chala m'kamwa. Mukakhala mofunda, lilime n'kukulunga chalacho n'kuyamba kukoka, ankati, "Aka kakula, mdzukulu wanga." Mukakhala mozizira ankakafukata pafupi ndi moto, kenako n'kumakadonthezera mkaka woyamba wachikasu uja, dontho limodzilimodzi, ndi chala chomwecho.

Zimene chalacho chinkafufuza ndinadzazimvetsa nditakula. Pamene ubongo umakumana ndi fupa la msana pali tsinde la ubongo, ndipo uthenga wochokera palilime, m'kamwa ndi kukhosi umayamba wafika pamenepo. Robert Bradley ndi anzake a ku yunivesite ya Michigan anafufuza zimenezi pa ana a nkhosa enieniwo. Anapeza kuti maselo ena a m'tsindemo amadzuka akamva kukoma, ena akamva kukhudza, ena zonse ziwiri. Kamwanako kamayamba kulawa kasanabadwe n'komwe, m'miyezi isanu ya bere. Tsinde lomwelo ndilo limagwirizanitsa kuyamwa, kumeza ndi kupuma, kuti mkaka usalowere kumapapo. Ndikaganiza kuti agogo ankazidziwa zonsezi ndi nsonga ya chala, mtima wanga umadzaza.

Lero madambo amene tinkadyetsako ziweto ndi minda ya mpunga ndi chimanga. Ana ali kusukulu, ndipo ndikuyamikira, koma nkhosa zatsala ziwiri kapena zitatu pakhomo, zomangirira pachingwe, ndipo wogona tcheru kuyembekeza kuti iswe palibenso.

Chaka chatha ku Ulongwe ndinapeza mwana wa mchemwali wanga akumwetsa kankhosa kamasiye ndi botolo lobooledwa kwambiri, atakapenyetsa kumwamba. Mkaka unkangokhuthukira kukhosi, kenako kanayamba kutsamwa.

"Malume, kakukana kumwa," anatero.

Ndinamulanda botolo lija, n'kuviika chala chake mumkaka, n'kuchiika palilime la kankhosako. Tinadikira. Kenaka mwanayo anadzidzimuka: "Kakukoka, malume!"