Shafiti Yopindika ndi Manja a Ana Athu

Ambiri mwa ife tidakula tikupanga galimoto za mawaya. Panalibe wotigulira choseweretsa. Tinkatola mawaya otayidwa, zitsekerero za mabotolo ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo dzuwa likamapendeka galimotoyo inali itayamba kale kuutsa fumbi. Ana athu okulira kuno ku Dublin ali ndi zambiri zomwe ife tidalibe, koma manja awo sadziwa kupinda waya. Zimenezi zimatidya mumtima, makamaka ife osamalira okalamba, amene timatuluka m'nyumba kusanache n'kubwerako ana akusinza. N'chifukwa chake pakhomo pathu kuno ku Santry tidasankha ntchito imodzi ya manja yoti tizichitira pamodzi pa masiku opuma: kumanga boti laling'ono la mota ya batire, loyendetsedwa ndi rimoti.

Sitidasankhe boti mwangozi. Ngakhale sitima yathu ya Ilala idafika kwathu ili zidutswazidutswa. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, idanyamulidwa kudzera ku Mozambique, ndipo italumikizidwanso idayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Mwana akamva kuti sitima imene agogo ake ankakwera popita ku Likoma idachita kulumikizidwa ndi manja a anthu, amayang'ana tizidutswa ta patebulo ndi maso ena.

Pa ntchito yonseyi, gawo lomwe lidafuna mtima wodekha ndi kuika shafiti yopindika. Mota imakhala m'kati mwa boti, pamene pulopela imakhala kunja kumbuyo, ndipo imakankha bwino ikalunjika molingana ndi pamwamba pa madzi. Shafiti yolimba ngati msomali siingalumikize ziwirizi popanda kupendeketsa pulopela. Yopindikayi ndi chingwe cha timawaya tachitsulo topotedwa m'magulumagulu, ndipo imazungulira ngakhale itapindidwa pang'ono. Pa maboti a batire amsinkhu wapakati ambiri amagwiritsa ntchito ya mamilimita 4 kapena 4.76, pamene a injini ya petulo amafuna ya 6.35.

Chingwechi sichiyenda chokha. Chimadutsa m'chubu cha mkuwa choboola pansi pa boti, ndipo ena amaikanso kachubu ka Teflon m'katimo kuti zitsulo zisakhulane. Chubu cha mkuwacho chimayamba chatenthedwa pamoto kuti chifewe, kenako chimapindidwa pang'onopang'ono ndi zala, mpindo umodzi wofatsa. Ife amene tidaphunzira unamwino sitisowa wotiuza zimenezi. Timadziwa zomwe zimachitika chubu chodyetsera wodwala chikafinyika pansi pa pilo. Pano n'chimodzimodzi: pamene chubu chathyokera, chingwe chimakhula, chimatentha, mapeto ake chimaduka boti lili pakati pa madzi, nthawi zina pulopela n'kumira nayo limodzi.

Guluu wa epoxy amabwera pomaliza, osati poyamba. Zonse ziyenera kuyesedwa zili zomasuka: mota pamalo pake, chubu m'bowo, chogwirizira pulopela kumbuyo. Chingwe chiyenera kulowa chokha m'kamwa mwa collet, kachitsulo kamene kamachimanga ku mota, popanda kuchikankhira kumbali ngakhale pang'ono. Chikafuna kukakamizidwa, chofunika kusuntha ndi mota kapena chubu. Apa ndi pamene ana amatopa, chifukwa timalowetsa, timatulutsa, timapala pang'ono, timalowetsanso, mwina kakhumi. Ife sitiwathandiza msanga. Zala zawo zimamva kukhula kumene zathu, zouma ndi sopo wa kuntchito, sizimvanso, ndipo mwana akazindikira kuti pa chinthu ichi iye ndiye katswiri, kutopa kuja kumatha.

Mbali ya chubu ya m'kati mwa boti iyenera kuthera pamwamba pa mzere wa madzi komanso pafupi ndi collet, kuti pasatsale chingwe chachitali chopanda chochigwira. Podula chingwe, nsonga yake imamatidwa ndi solder kuti timawaya tisamwazike. Tiyang'anenso mbali imene chingwecho chidapotedwera. Mota ikamazungulira iyenera kuchimangitsa, osati kuchimasula, ndipo pa chifukwa chomwechi si nzeru kuthamangitsa boti lotere chobwerera m'mbuyo.

Koma chimene chidatidabwitsa kwambiri ndi kampata. Kumbuyo kwa boti, pakati pa chogwirizira ndi kachitsulo kamene kamazunguza pulopela, pamasiyidwa dala mpata wofanana ndi kunenepa kwa chingwecho. Munthu wokonda ntchito yaudongo amafuna kuutseka, poti umaoneka ngati cholakwika. Chonsecho chingwe chikalemedwa ndi madzi chimadzipota n'kufupika, ndipo chikasowa kofupikira chimakoka pulopela kuti ikhule chogwirizira mpaka china chake chiwonongeke. Mwana wathu wamkulu adafunsa kawiri konse ngati tawerenga bwino malangizo. Tidamupatsa chingwe chotsala kuti achipote yekha ndi mapulayala awiri, ndipo ataona chikufupika pamaso pake adakhala chete, n'kukayeza mpatawo ndi rula.

Kuyesa koyamba kudachitikira m'bafa, wina atagwira boti, wina akuunika ndi tochi pansi pa mota kufuna kuona ngati madzi akulowa. Ku Santry Demesne, paki yoyang'aniridwa ndi khonsolo ya Fingal, kuli dziwe limene ana amaliloza nthawi zonse tikamadutsa. Komabe tikupempha aliyense amene angatengere chitsanzochi kuti afunse kaye malamulo a khonsolo asanaike boti pa dziwe la paki iliyonse, popeza madziwo ndi mudzi wa abakha ndi mbalame zina, ndipo boti la shafiti yotere limathamanga kuposa mmene maso amaganizira. Likazima pakati pa madzi, mwana asalowemo kukalitenga, ngakhale litakhala la ndalama zingati.

Ntchito ya shafitiyi siithera pa tsiku loiika. Boti likayenda, madzulo ake chingwe chimasololedwa, chimapukutidwa mpaka kuuma, n'kupakidwa girisi wosasungunuka m'madzi chisanabwezeredwe. Chikagona chonyowa, dzimbiri limachidya kuyambira m'kati, pamene diso silifika, ndipo chinyezi cha dziko lino sichichedwa kutero. Udindo umenewu tidaupereka kwa wamng'ono. Masiku amene tili pa shifiti ya usiku, amatitumizira chithunzi pa WhatsApp: chingwe chili pa nyuzipepala yakale, zala zili bii ndi girisi. Timachiona pa nthawi yopuma ya 2 koloko, tiyi akuzizira m'kapu, belu la m'chipinda china lisanalire.