Malata Akazungulira Puloti, Nkhani Inatha Kale

Mu Lusaka muno nkhani za m'dera lathu timazimva kuchokera ku malata. Timangodzuka tsiku lina n'kupeza kuti pakona paja, pomwe panali nyumba yakale ndi mtengo wa mango, azunguliza malata atsopano. Pakapita sabata mtengo wagwa, thiraki ya mchenga yatseka theka la msewu, ndipo m'minibasi aliyense afunsa mnzake: "Apa bamanga chani?" Wina akuti loji, wina akuti malo omwetsera mafuta, kondakitala naye akuti ndi mall ndipo mlamu wake walembedwa kale nchito ya ulonda. Palibe amene adziwa, koma tonse tikamba ngati tinalipo posaina.

Chimene palibe anatiuza kusukulu n'chakuti pofika tsiku la malata, nkhaniyo imakhala itatha. Ngati womangayo anatsata lamulo, pepala lake linayenda m'maofesi miyezi ingapo, anthu anakhala pansi kulikambirana, ndipo pakati pa ulendowo panali masiku ena amene ife oyandikana naye tinali ndi ufulu wonena kuti ayi.

Lamulo lake ndi Urban and Regional Planning Act la 2015, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1962. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta: kukhala ndi taito sikutanthauza kuti ungachite chilichonse pa puloti. Malo onse m'Zambia ali m'dzina la Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo wa taito amangobwereka, nthawi zambiri kwa zaka 99. Pamwamba pa izo pali mapu a mzinda, amene anagawa kale kuti apa ndi pogona anthu, apa ndi pa malonda, apa mafakitale, apa sukulu, apa pakhale poyera kuti ana azisewera. Ukafuna kuti nyumba yogona isanduke bala, kapena kuti pamalo a nyumba imodzi pakhale mafulati khumi ndi awiri, uyenera kukapempha chilolezo. Kuno kwathu pempholo lipita ku khonsolo, ku Civic Centre pa Independence Avenue.

Kumeneko wopempha apereka taito, mapulani ojambulidwa ndi katswiri, ndi ndalama ya fomu. Akatswiri a mapulani a mzinda apita kukaona malowo. Pepala lizungulira kwa a zaumoyo, kwa mainjiniya a misewu ndi ngalande, kwa ozimitsa moto, ndipo likakhala la chinthu chachikulu monga malo omwetsera mafuta, a ZEMA nawo ayenera kuona mmene chidzakhudzira nthaka, madzi ndi mpweya. Akatswiriwo alemba maganizo awo, nkhani ikafika kwa makhansala m'komiti, kenako ku msonkhano wa khonsolo yonse. Pempho lingavomerezedwe, lingakanidwe, kapena lingavomerezedwe ndi zoyenera kutsata: usapitirire nsanjika zakuti, siya malo oimika magalimoto, konza ngalande. Wosakhutira ali ndi kokachita apilo.

Papepala ndi njira yabwino ndithu. Pamene ife tigwera ndi pa sitepe imodzi yaing'ono, ya chidziwitso. Wofuna kusintha nchito ya malo amalengeza m'nyuzipepala, ndipo ngati munatsegulapo masamba akumbuyo a Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail munaziona: kabokosi kakang'ono pakati pa matenda a boma ndi zidziwitso za maliro, mutu wake change of land use, m'Chingelezi cha maloya. Kamanena kuti Stand No. yakuti isintha kuchoka pa residential kupita pa commercial, ndipo amene ali ndi chotsutsa alembere Town Clerk lisanafike tsiku lakuti.

Manje tiyeni tikambe zoona. Ndani mwa ife anagulapo nyuzipepala ya pepala mwezi uno? Ndipo ngakhale titaigula, Stand No. ija itiuza chiyani? Ife malo timawadziwa ndi maina ena: pa chigayo, kuseli kwa tchalitchi, pa transifoma, pa siteshoni ya amai a vitumbuwa. Kabokosi kaja kangakhale kakukamba za puloti yogundana ndi windo la chipinda chathu, ife n'kukulungiramo tomato osadziwa. Ndiponso ambiri a ife tili pa renti. Ngati pali kalata yopita kwa oyandikana nawo, ifikira mwini nyumba, amene mwina akhala ku Ndola ndipo amatikumbukira pa 30 pokha. Iye phokoso la bala sadzalimva. Mwinanso akondwera, chifukwa msewu ukasanduka wa malonda puloti yake ikwera mtengo, renti yathu n'kukwera nayo.

Khomo lopapatiza chonchi lili ndi mbiri yake. Mzinda uno unajambulidwa mu 1931 ndi Professor S.D. Adshead wa ku London, kuti ukhale wa mitengo ndi mayadi aakulu, likulu latsopano limene linatsegulidwa mu 1935. Agogo athu m'mapuwo anawerengedwa ngati anchito odutsa, oti akatha kontrakiti abwerere kumudzi. Sanabwerere. Anamanga m'mafamu ndi m'misasa ya makontrakitala, n'chifukwa chake makomboni athu ena mpaka lero ali ndi maina a azungu: John Laing, John Howard, George. Mu 1974 m'pamene boma linaika lamulo lovomereza madera otere ndi kupatsa anthu chilolezo chokhalapo cha zaka 30. Lero mzinda uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse akhala m'madera amene anamangidwa mapu asanafike. N'zosadabwitsa kuti kwa ambiri a ife mawu akuti pulani amamveka ngati nkhani ya kumayadi, ndipo akafika kukomboni amabwera atakwera buludoza.

Pano wina angaganize kuti tikufuna mzinda uime pomwe uli. Ayi ndithu. Ife ndife oyamba kufuna kuti usinthe. Yadi yaikulu ya ku Rhodes Park kapena Kabulonga yokhala ndi nyumba imodzi ndi agalu awiri, pamene ife tigona anayi m'chipinda chimodzi, si chinthu choti tichilirire ikasanduka mafulati. Ophunzira a pa UNZA akanagona kuti nyumba zozungulira yunivesite zikanapanda kusanduka ma boarding house? Saluni ya mlongo wathu ili kutsogolo kwa nyumba, ka shopu kokonza mafoni ka mnzathu kali pa mpanda wa anthu, ndipo m'maso mwa lamulo zimenezinso ndi kusintha nchito ya malo. Choncho sitingaloze chala kwambiri. Chimene tifunsa n'chakuti poyeza pempho, sikelo ikhale ndi zinthu zimene anthu ogona pamenepo adziwa, chifukwa katswiri wobwera kudzaona malo masana a mu Ogasiti sangadziwe zimene msewuwo umachita usiku wa mu Febuluwale.

Chachikulu mwa zinthuzo ndi madzi. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa laimu wodzala ndi ming'alu ndi mapanga, womwe uja amai a ku Kanyama ndi Misisi amaswa ndi hamala m'mbali mwa msewu. Mwala umenewu susefa bwino. Chimene chathiridwa pamwamba chitsika msanga kukafika ku madzi a pansi, ndipo madzi ambiri amene mzinda umwa achokera pansi pomwepo, m'ma borehole, ena ndiwo amapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue. Tsono ganizirani puloti imene inali ndi banja limodzi ndi septic tank imodzi. Lero pali mabanja khumi ndi awiri, paipi ya suweji kulibe, ndipo kuseli kwa mpanda kuli borehole ya oyandikana nawo. Pabwalo ponse ayala simenti kuti magalimoto asadetsedwe. Mvula imene kale inkalowa m'nthaka pomwepo manje ithamangira mu msewu, itsikira kwa amene ali kumunsi, idzaza zimbudzi zokumba, ndipo zotsatira zake tizidziwa tonse. Kolera ya mu Okutobala 2017 tinaiona. Mu Januwale 2024 National Heroes Stadium, bwalo lomangidwira bola, linadzala mabedi a odwala, ndipo masukulu sanatsegule mpaka Febuluwale. Palibe chilolezo chimodzi chimene chinabweretsa matendawo. Koma chilolezo chilichonse chimasankha kumene madzi a puloti imodzi adzapita, ndipo mapuloti ndi masauzande.

Amene amati kudandaula sikuthandiza sanamve nkhani ya Forest 27, nkhalango ya kum'mawa kwa mzinda kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira. Inatetezedwa ndi lamulo mu 1957. Mu 1983 chitetezocho chinachotsedwa, mitengo inadulidwa, mtsinje unayamba kuuma. Anthu a m'mbali mwa mtsinjewo anasonkhanitsa masiginecha, anavutitsa boma osatopa, mpaka mu 1996 nkhalango inabwezeredwa chitetezo chake. Nkhaniyo ikanathera pamenepo ikanakoma. Pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zina zinachotsedwanso, anthu n'kuyamba kumangamo nyumba, milandu n'kufika kukhoti. Iyi sinadutse pa tebulo la makhansala, chifukwa nkhalango ya boma imachotsedwa ndi siginecha ya kumwamba. Koma kayendedwe kake ndi kamodzimodzi: pepala linatuluka mu Gazette, limene pafupifupi palibe amaliwerenga, ndipo ambiri tinamva za nkhalangoyo maziko a nyumba atakumbidwa.

Palinso malata ena amene kumbuyo kwake kulibe pepala lililonse. Tonse tidziwa bwalo la bola limene linagonera lili bwalo n'kudzuka lili ndi mabikoni, ogawa ake ali anyamata a chipani, lisiti yake ili ya m'buku la sukulu. Vutoli linakula mpaka mu Juni 2020 boma linaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe kwa miyezi itatu pa nkhani za kagawidwe ka malo. Apa mpofunika kusiyanitsa. Ngati womanga alibe chilolezo, lamulo la 2015 lipatsa khonsolo mphamvu yomulembera kuti aime, ngakhale kugwetsa chimene wamanga. Nkhani yotere imayamba ndi munthu amene wapita kukafunsa funso limodzi: kodi puloti iyi ili ndi chilolezo, ndipo pamapu inalembedwa kuti ndi ya chiyani?

Pa malata okhala ndi pepala, chida chathu ndi kalata. Chidziwitso chija chiitana aliyense amene ali ndi chotsutsa, sichifunsa ngati uli ndi taito kapena ndiwe wa renti. Koma kalata zisiyana kulemera. Yakuti "ife sitifuna" katswiri aiwerenga, aiika m'faelo, basi, chifukwa alibe poigwirira. Yolemera ndi imene ikamba m'chinenero cha sikelo yake: ngalande ya msewu uno imasefukira kale chaka chilichonse, zithunzi ndi izi, geti ya pulotiyi yayang'anana ndi geti ya sukulu ya pulaimale, borehole imene nyumba zisanu zimwako ili kuseli kwa mpanda, msewu ndi wopapatiza, magalimoto awiri sapambukirana. Ikhale ndi nambala ya puloti, ifike tsiku lisanakwane, ndipo kope lathu alidinde sitampa kuti mawa wina asadzati sinafike. Nthawi zina kalata yotere siletsa chimangocho, koma ichititsa kuti womanga alamulidwe kukumba ngalande kapena kusuntha geti, ndipo kwa wogona kumunsi kwake zimenezo ndi kusiyana kwa kugona pabedi ndi kugona utanyamula matiresi pamutu.

A khansala athu nawo ali ndi mpando m'chipinda chimene nkhanizi zimakambidwa. Timawasaka pa nkhani ya CDF, maka chichokereni 2022 pomwe ndalamayo inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi, ndipo n'zomveka, chifukwa mabasare ndi ngongole za makalabu zili kumeneko. Koma munthu yemweyo tingamufunsenso kuti, "Ba khansala, mwezi uno mu ward yathu mwalandira mapempho angati osintha malo, ndipo ali pati?" Funso lomweli lingapite ku Ward Development Committee. Ndipo pa gulu la WhatsApp la m'dera, pomwe timatumizirana za malaiti ndi za akuba, pangapezeke mmodzi wogwira nchito mu ofesi imene nyuzipepala imafika tsiku lililonse, woti azijambula timabokosi tija n'kutumiza.

Kwa oyendetsa mzinda pempho lathu ndi laling'ono. Chidziwitso chikhomedwe pa geti ya puloti yomweyo, pa bolodi looneka uli mu msewu, m'Chingelezi ndi m'Chinyanja, chikambe kuti pano pafuna kumangidwa chakuti, cha nsanjika zakuti, wotsutsa alembe lisanafike tsiku lakuti. Chiikidwenso pa Facebook, pomwe zilengezo zina zimatipeza popanda vuto. Pulani yaikulu ya mzinda imene inalembedwa mothandizidwa ndi JICA mu 2009 inayang'ana mpaka 2030, chaka chimene chili pafupi, ndipo lamulo la 2015 likuti polemba mapulani otere anthu afunsidwe maganizo. Pamenepo mpamene pamagamulidwa ngati bwalo la bola likhalabe lobiriwira pamapu, pempho la munthu aliyense lisanabwere n'komwe.

Nambala ya mita ya malaiti tonse tinailoweza pamtima, chifukwa popanda iyo mayunitsi sagulika. Nambala ya puloti imene tigonapo ili pa mapepala a landilodi. Ya bwalo la bola ndi ya puloti yopanda munthu ija yakuseli kwathu zili pamapu ku ofesi ya mapulani, ndipo ndi nambala zimenezo zimene zidzalembedwa m'kabokosi ka m'nyuzipepala.