Mtengo wa ufa timaudziwa, nanga wa munthu?

Akonzi,

Masiku ano bizinesi zambiri zing'onozing'ono zikumafa mwini wake akumwetulira, kope lake likuonetsa kuti wapindula. Ndili ndi bekale yaing'ono ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre yomwe ndaiyendetsa zaka 11 tsopano, ndipo ndimagwira ntchito ndi anthu asanu ndi awiri. Pa zaka zimenezi ndaona anzanga ambiri akutseka, ena a magolosale, ena ogulitsa zipangizo zomangira, ena ophika buledi ngati ine. Ndiloleni ndifotokoze chomwe ndikuona kuti chikuwadya, chifukwa nthenda yomweyo ndi imene ikusautsanso anthu apantchito.

Tonse tikukumbuka momwe zinthu zayendera. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idaichepetsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700. Izi zikutanthauza kuti katundu wa madola 1,000, yemwe woitanitsa ankamulipira K1,180,000, adayamba kufuna K1,700,000 usiku umodzi wokha. Umenewo ndi mtengo wa kubanki, komwe ndalama zakunjazo nthawi zambiri sizipezekanso. Amalonda ambiri amakazigula mozembera, komwe chaka cha 2025 mtengo wake udaposa kawiri wa kubanki.

Ife ophika buledi zimenezi zimatipeza msanga. Tirigu wolimidwa m'dziko muno ndi wochepa kwambiri, choncho ufa womwe timaphikira umachokera ku tirigu wogula kunja. Yisiti ndi wakunja, dizilo wa galimoto yobweretsa ufawo ndi wakunjanso. Pamwamba pa izo padabwera nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu Febuluwale 2022, maiko awiri omwe amagulitsa tirigu wambiri padziko lonse, komanso kuzimazima kwa magetsi namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chomwecho.

Zonsezi palibe wabizinesi wamng'ono amene angazisinthe. Chomwe chili m'manja mwathu ndi kawerengedwe. Tiyeni titengere chitsanzo. Munthu wapikula katundu wa K600,000. Wagulitsa yense, wachotsa lendi, magetsi ndi malipiro, ndipo m'manja mwatsala K700,000. Kope likuti wapindula K100,000, nayenso atenga ndalamayo n'kukalipira fizi ya mwana. Akabwerera koodako, apeza kuti katundu yemwe uja tsopano ndi K750,000. Ndi K600,000 yake agula katundu wochepa, mwezi wotsatira wocheperapo. Pakutha pa chaka mashelefu ali mbee, iye n'kumadabwa kuti wamulodza ndani, pomwe tsiku lililonse amagulitsa mopindula. Amene uja amadya mpamba akuyesa phindu.

Lamulo lomwe ndimatsatira ndi lakuti mtengo wa buledi wa lero uchokere pa ndalama yomwe ndikagulire thumba la ufa la mawa, osati ya thumba lomwe ndidagula sabata yatha. Lachisanu lililonse ndimaimbira foni kumalo atatu oodetsa kufunsa mitengo, ndisanalembe mtengo wanga wa sabata yotsatira. Phindu ndimaliwerenga m'matumba a ufa: ngati ndidayamba mwezi ndi mphamvu yogula matumba 40 ndipo ndaumaliza ndikutha kugula 42, ndapindula matumba awiri. Ndikamaliza ndikutha kugula 38, ndaluza, ngakhale ndalama za m'thumba zitaoneka zambiri chotani.

Ndikudziwa kuti ogula ena akawerenga izi anena kuti ndi dyera lomwe lija la amalonda. Ndikuwamvetsa, chifukwa alipodi ena amene amabisa shuga kapena simenti kuseri kuti mtengo ukwere, ndipo otere n'koyenera kuti bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC liziwalanga. Koma kubisa katundu ndi kwina, kuika mtengo woti ukathe kuodanso ndi kwina. Golosale ikatsekedwa m'dera mwanu, mudzayenda mtunda wautali kukagula chinthu chomwecho pa mtengo wokwererapo, ndipo mnyamata yemwe ankagulitsamo adzakhala pakhomo.

Apa ndiye pali nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi. Amalonda ambiri aphunzira tsopano kuwerengera mtengo wa mawa pa ufa, pa simenti ndi pa mafuta. Koma akafika pa malipiro a antchito, amabwerera ku mtengo wa dzana. Chonsecho wantchito nayenso amafunika kuodanso. Mphamvu zomwe wasiya pa uvuni lero ayenera kukazibwezeretsa ndi nsima, tulo m'nyumba ya lendi ndi ndalama ya minibasi kuti mawa abwerenso. Ngati malipiro ake sakukwanira zimenezi, ndiye kuti akudya mpamba wa thupi lake, monga wagolosale uja.

Taonani manambala ake. Chaka cha 2021 malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma adali K50,000 pamwezi, pomwe dola inali pafupifupi K800. Amenewo adali madola oposa 60. Chaka cha 2024 adakwezedwa kufika pa K90,000, ndipo anthu adaomba m'manja, koma pa mtengo wa K1,700 amenewo adali madola 53 okha. Kumayambiriro kwa 2025, malipiro akadali pa K90,000 pomwepo, thumba la chimanga la makilogalamu 50 lidaposa K80,000 m'misika yambiri kuno kummwera. Munthu wogwira ntchito mwezi wathunthu amagula thumba limodzi, chotsala osakwanira ngakhale chigayo ndi ndiwo za sabata. Pambuyo pake malipirowo adafika pa K126,000, komabe aliyense amene amapita kumsika akudziwa kutalika kwa ndalama imeneyo.

Nthawi ya njala imeneyo, mkulu wa ophika anga, bambo yemwe ndakhala naye zaka zisanu ndi zitatu, adandipeza m'mawa wina titamaliza kutulutsa masikono. Adavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi, ndilibe nanu chifukwa, mwandisunga bwino. Koma mlamu wanga ali ku Joni akuti ndipite, kuli bekale ikufuna munthu. Ana kunyumba akudya kamodzi." Ndidawafunsa kuti, "Bambo, pamwezi mukufunika zingati kuti ana adye kawiri?" Tidatenga pepala n'kuwerengera limodzi: chimanga, chigayo, lendi, makala, sopo, ulendo. Ndalama yomwe idatuluka idali yoposa malipiro awo, ngakhale kuti iwo ankalandira kale kuposa malipiro ochepetsetsa a boma.

Kenako ndidawerengeranso mbali yanga. Bambo amenewa amadziwa kutentha kwa uvuni ndi dzanja, amadziwa kuti ufa wa ulendo uno ukufuna madzi ochepa, amatha kukonza makina okandira akavuta usiku. Kuphunzitsa wina kufika pamenepo kumatenga zaka, ndipo pa nthawi yophunzirayo buledi wopserera ndi wosafufuma amatayidwa wambiri, makasitomala n'kuthawira kwina. Nditaphatikiza zonse, ndidapeza kuti kuwataya kukadandidyera ndalama zambiri kuposa kuwakwezera malipiro.

Tidaitana antchito onse, ndipo ndidawatsegulira kope kuti aone zolowa ndi zotuluka. Eni bizinesi ambiri amaopa zimenezi, koma ine ndidaona kuti munthu akaona yekha mtengo wa ufa ndi bilu ya magetsi, amasiya kuganiza kuti bwana akukwirira ndalama. Tidagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, malipiro tiziwaunika miyezi itatu iliyonse poyang'ana mtengo wa chimanga ndi wa minibasi, chifukwa kudikira chaka chathunthu pomwe mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi n'kumudula munthu malipiro mwakachetechete. Chachiwiri, nthawi yokolola bekale izigula chimanga chikadali chotsika mtengo, n'kusungira antchito kuti miyezi ya njala azitenga pa mtengo womwe tidagulira, tizidula pang'onopang'ono pa malipiro. Chachitatu, nkhomaliro tizidyera limodzi pantchito. Bambo aja sadapite ku Joni, ndipo mpaka lero ndi iwo amayatsa uvuni.

Wina afunsa kuti ndalama yake idachokera kuti. Sidagwe kumwamba, ndipo mbali ina idachokera m'maganizo a antchito omwewo, poti mutu umodzi susenza denga. Mmodzi wa atsikana ndiye adatikumbutsa za mbatata ya kholowa yofiira mkati, yomwe alimi a ku Thyolo ndi Mulanje amabweretsa pamsika. Tikaiphika n'kuipota, timaisakaniza ndi ufa wa tirigu popanga mabanzi. Ufa umalowa wochepa, shuga naye wochepa poti mbatatayo ndi yotsekemera kale, ndipo ndalamayo imapita kwa mlimi wa konkuno m'malo mofuna madola. Tidayambanso kuphika timabanzi ting'onoting'ono toti munthu wa ndalama yochepa athe kugula, m'malo mochepetsa buledi mobisa n'kusiya mtengo womwewo, zomwe ogula amazizindikira ndipo sakhululuka. Ndidagwirizananso ndi anzanga atatu a mabekale kuti tizioda ufa pamodzi ndi kulipira galimoto imodzi.

Palinso zinthu ziwiri zomwe ndimakana. Ngongole ya kubanki sinditenga pokhapokha ikhale ya chipangizo chomwe chidzibweza chokha msanga. Mu 2024 chiwongoladzanja cha banki yaikulu chidafika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa akamabwereketsa wabizinesi wamng'ono amaonjezerapo pawo. Za katapila ndiye sindinena n'komwe. Chachiwiri, ndidasiya kupereka buledi ku sitolo ina yaikulu yomwe inkalipira patatha miyezi iwiri. Dzina lake linkandipatsa ulemu, koma ndalama yobwera patatha miyezi iwiri imafika itafooka, osathanso kugula ufa womwe udapanga buledi uja. Amayi ogulitsa tiyi ndi anyamata a njinga omwe amalipira pompopompo ndi amene akuyendetsa bekale yanga.

Kwa akuluakulu a makampani, ndikudziwa kuti mavuto anu ndi aakulu kuposa anga. Mumadikira ndalama zakunja miyezi, magalimoto anu amagona pamizere ya mafuta. Koma njira yomwe ambiri mwatenga, yochotsa antchito okhazikika n'kumalemba aganyu a miyezi itatu itatu pofuna kuzemba penshoni ndi ndalama yolipira munthu pomuchotsa ntchito, idzakudyani mtsogolo. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Imeneyo ndi nkhokwe ya ukalamba wa munthu. Waganyu amene akudziwa kuti mwezi wamawa kulibe zake sasamala makina anu, ndipo sangakuuzeni pomwe pakutayikira ndalama. Zinthu zikadzayamba kuyenda, mudzafuna amisiri aja n'kupeza ali ku Johannesburg kapena ku Tete. A bungwe la olemba anzawo ntchito la ECAM ndi a mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa MCTU asamangokumana pokangana za malipiro ochepetsetsa kamodzi pachaka. Akambiranenso za njira yoti malipiro aziyendera limodzi ndi mitengo, ngakhale pang'onopang'ono.

Kwa anzanga apantchito, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ngati malipiro sakukwana, lembani papepala zomwe mumagula pamwezi ndi mitengo yake, mupite nazo kwa abwana anu mwaulemu, makamaka muli gulu. Pepala lotere ndi lovuta kulikana kusiyana ndi kung'ung'udza kuseri. Koma kutenga ufa kapena mafuta a kampani mobisa n'kudula nthambi yomwe mwakhalira, chifukwa bizinesi ikagwa, oyamba kugona ndi njala ndinu. Mukaona pomwe zinthu zikuonongeka pantchito, nenani, ndipo mukumbutse abwanawo kuti chopulumutsidwacho chikufikeninso.

Sindikunena kuti zomwe tachita ku bekale kwathu zathetsa mavuto. Miyezi ina ndimamaliza ndi matumba 39 m'malo mwa 40, ndipo malipiro omwe ndimapereka sadafike pomwe mtima wanga umafuna. Gwero la vutoli ndi lakuti dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zomwe limagulitsako, ndipo tikudalirabe fodya kuti atibweretsere madola. Imeneyo ndi ntchito ya boma ndi ya zaka zambiri. Koma podikira zimenezo, aliyense amene walemba munthu ntchito, kaya mmodzi kaya 500, angathe kuchita chinthu chimodzi sabata ino. Pomwe mukuimba foni kufunsa mtengo watsopano wa katundu wanu, funsaninso mtengo wa ndowa ya chimanga ndi wa minibasi yochokera komwe wantchito wanu amakhala. Mukatero muyang'ane malipiro omwe mukumupatsa, muone ngati angamubweretsenso pantchito mwezi wamawa ali ndi mphamvu.

Mayi wophika buledi,
Bangwe, Blantyre